Nyumba Yanu Yoyamba ya Lendi: Mafunso ndi Mayankho

Kabukuka takalemba chifukwa ambiri amene amafika ku ofesi yathu ya ngongole ndi pulani ya nyumba ya lendi amakhala atawerengera ndalama zolowa, koma zotuluka osazikhudza n'komwe. Ziwerengero za m'zitsanzo ndi zongoyerekeza; inu muikemo zanu.

Kodi phindu la nyumba ya lendi limawerengedwa bwanji?

Phatikizani zonse zimene nyumbayo yadya: poloti, njerwa, simenti, malata, amisiri, mpanda, madzi ndi magetsi a ESCOM. Kenako onani kuti lendi ya chaka chonse ndi gawo lanji la ndalamazo. Nyumba yomwe yadya K60 miliyoni n'kumabweretsa K400,000 pamwezi ikupereka K4.8 miliyoni pachaka, ndiye kuti K8 pa K100 iliyonse.

Ndiye K400,000 imeneyo si yanga yonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Nyumba sikhala ndi munthu miyezi yonse 12. Wina akasamuka pamadutsa masabata musanapeze wolowa, ndipo musanamulowetse mumapenta, kukonza maloko ndi mipope, mwinanso kupopetsa chimbudzi. Khonsolo ya mzinda, kaya ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba, imafuna ma city rates, ndipo ngati poloti ndi ya lizi ya boma pamakhalanso ndalama ya chaka ndi chaka yolipirira malowo. Lendi imadulidwanso msonkho. Ngati wochita lendi ndi kampani kapena bungwe, kawirikawiri amadula yekha msonkhowo n'kuupereka ku MRA musanalandire ndalama yanu. Mlingo wake umatha kusintha, choncho kafunseni ku MRA komweko. Mukachotsa zonsezi, K4.8 miliyoni ija itha kutsika kufika cha m'ma K3.6 miliyoni, kutengera dera ndi mmene nyumbayo inamangidwira. Phindu lenileni ndiye K6 pa K100.

Kodi lendi singabweze yokha ngongole ya kubanki?

Funso ili timalilandira kuposa lina lililonse, ndipo yankho lake nthawi zambiri ndi lakuti ayi. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amaonjezerapo chawo. Tiyerekeze kuti theka la mtengo wa nyumba ija, K30 miliyoni, mwakongola pa 30 peresenti. Chiwongoladzanja chokha m'chaka choyamba chikuyandikira K9 miliyoni, musanakhudze ngongole yeniyeniyo, pamene nyumba ikukupatsani K3.6 miliyoni. Kusiyanako, komwe kukuposa K5 miliyoni, kudzachoka m'malipiro anu kapena m'bizinesi yanu, mwezi ndi mwezi, kaya nyumbayo muli munthu kaya mulibe. Ndalama yobwereka pa 30 siingalipiridwe ndi katundu wobala 6. Sitikunena kuti ngongole ndi yoipa. Ngongole yaing'ono yomalizira denga kapena mawindo a nyumba yomwe yaima kale ingakhale yanzeru, chifukwa ndalama zochepa zikutsegula lendi ya nyumba yonse. Koma kumanga kuyambira pa maziko ndi ngongole, mukudalira lendi, n'kutunga madzi ndi dengu.

Koma nyumba siwola, ndipo mtengo wake umakwera. Si phindu limenelo?

Mfundo iyi ili ndi mutu, sitiikana. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti ndi malata zinakwera, ndipo amene anamanga kale anapulumutsa ndalama zomwe zikanasungunukira mu akaunti. Komabe kukwera kumeneko n'kwa papepala kufikira tsiku limene mwagulitsa, pamene banki imafuna ndalama zake tsiku lomwe munagwirizana. Kugulitsanso sikophweka ngati malo munagula kwa amfumu ndi kalata chabe, popanda title deed: ogula ndi ngongole ya kubanki sangabwere, ndipo otsalawo amanenerera mtengo. Kumbukiraninso kuti kugwa kwa kwacha komweko kunakweza mtengo wokonzera nyumba, koma malipiro a anthu ochita lendi sanakwere mofanana.

Nanga ndikakweza lendi kuti ifanane ndi ngongole?

Ili ndi funso lija la ngongole, langovala malaya ena. Lendi siikidwa ndi ngongole yanu. Imaikidwa ndi matumba a anthu a m'dera lanu. Ku Area 25 kapena ku Machinjiri munthu amadziwa mtengo wa nyumba ya zipinda zitatu pamsewu womwewo, ndipo mukadumphitsa mtengo amasamuka. Miyezi iwiri yopanda munthu imafafaniza zonse zomwe mukanapeza pokweza lendi ndi K50,000 chaka chathunthu. Musanakumbe maziko, yendani m'deralo mufunse zimene anthu akulipiradi, osati zimene eni nyumba akulakalaka.

Mdadada kapena nyumba imodzi yaikulu?

Mdadada nthawi zambiri umabweza bwino poyerekeza ndi zomwe wadya, ndipo chitseko chimodzi chikakhala chopanda munthu zina zimabweretsabe. Mavuto ake ndi mikangano ya bilu ya madzi ndi kutolera ndalama kwa anthu ambiri.

Wochita lendi akasiya kulipira, banki idzandimvetsa?

Musadalire zimenezo. Mabanki ena angavomere kukambirana, koma chiwongoladzanja sichiima, ndipo ngati nyumbayo ndi chikole, atha kuigulitsa. Madandaulo otere timawalandira pafupipafupi: munthu wasamuka usiku atasiya lendi ya miyezi itatu ndi bilu ya Water Board. Kuzula chitseko kapena kutaya panja katundu wa munthu amene sakulipira lendi kungakubweretsereni mlandu inuyo. Njira yoyenera ndi chidziwitso cholembedwa, kenako khoti, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Lembani mgwirizano wosainirana, landirani dipoziti, ikani mita ya magetsi yogulira mayunitsi, ndipo musalowe m'ngongole musanasunge padera ndalama zokwanira kulipira banki miyezi yosachepera itatu popanda lendi.