Phunziro: Aliyense Akhale ndi Kiyi Wake pa Kompyuta ya Ofesi

Maina a mabanja olandira Mtukula Pakhomo, mndandanda wa alimi a m'makalabu, malipoti a ndalama za CDF ndi kaundula wa odwala, zambiri mwa izi masiku ano zimasungidwa pa kompyuta. Kale zinkakhala m'kabati yachitsulo, ndipo aliyense pa ofesi ankadziwa yemwe amasunga kiyi. Kabatiyo ikapezeka yotsekula, wofunsidwa ankadziwika. Phunziro lino likufotokoza momwe ofesi yaing'ono ingasamalire makiyi a kompyuta yake. Nkhaniyi ikukhudza inu nonse a m'dera la khonsolo ya M'mbelwa, chifukwa zolembedwazo ndi zanu, ndipo ambiri mwa inu muli m'makomiti oyang'anira sukulu, zipatala, makopaletivi ndi mabungwe a m'midzi omwe ayamba kugwiritsa ntchito makompyuta.

Seva, foda ndi akaunti

Ofesi ikakhala ndi makompyuta angapo, imodzi imasankhidwa kuti ikhale nkhokwe ya zolembedwa zonse. Kompyuta imeneyi imatchedwa seva. Makompyuta enawo amalumikizidwa kwa iyo ndi mawaya kapena Wi-Fi, kotero kuti kalata yolembedwa m'chipinda chimodzi itha kuwerengedwa m'chipinda china popanda kuyendayenda ndi fulashi. M'kati mwa seva zolembedwa zimaikidwa m'mafoda, monga momwe mapepala amaikidwira m'mafayilo a pa shelefu. Seva yotere itha kuyendera Windows Server, kapena Linux yokhala ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Samba.

Kuti munthu alowe, amafunika akaunti, yomwe ili ndi dzina lake ndi pasiwedi. Seva sizindikira nkhope. Aliyense amene walemba dzina ndi pasiwedi ya Uje, kwa iyo ndi Uje basi. Ikakonzedwa bwino, seva imalemba m'kaundula wake nthawi yomwe akaunti yalowa ndi fayilo yomwe yatsekula, yasintha kapena yafufuta. Kaundulayu ndiye mboni pa tsiku la mlandu.

Zomwe dziko linaona mu 2013

M'chaka cha 2013 kunaululika kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, nkhani yomwe inatchuka ndi dzina loti Cashgate. Boma linkalipira anthu ndi makampani kudzera m'ndondomeko ya pa kompyuta yotchedwa IFMIS. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly ya ku Britain, yemwe lipoti lake linatuluka mu February 2014, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Njira imodzi yobera inali yolowetsa malipiro a katundu yemwe sanaperekedwe, cheke chikatuluka n'kufufuta malipirowo m'kompyuta. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo ululu wake unafika mpaka kwa munthu wa kumudzi yemwe sanakhudzepo kompyuta.

Kubako kunatheka chifukwa mphamvu yolowetsa, yovomereza ndi yofufuta sinali yotetezedwa mokwanira. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chomwe chinachitika ndi mabiliyoni ku Lilongwe chingachitike ndi mamiliyoni awiri a kopaletivi ya ku Champhira, kapena ndi dzina la gogo wa ku Khosolo lomwe lingachotsedwe pa mndandanda n'kuikapo la m'bale wa wina.

Munthu mmodzi, akaunti imodzi

Lamulo loyamba ndi lakuti aliyense akhale ndi akaunti ya dzina lake. M'maofesi ambiri ang'onoang'ono mumapezeka akaunti imodzi yotchedwa "Office", pasiwedi yake italembedwa pa kapepala komatidwa pa khoma. Fayilo ikasinthidwa, kaundula amangoonetsa kuti "Office" ndiye wasintha, ndipo anthu asanu ndi mmodzi onse amakana. Wolakwa amabisala, wosalakwa amakayikiridwa.

Kubwereketsa pasiwedi nakonso n'koopsa, ngakhale kumachitika mwa ubwino. Wogwira ntchito akuthamangira ku maliro ku Embangweni, amasiyira mnzake pasiwedi kuti amumalizire lipoti. Chilichonse chochitika tsiku limenelo chilembedwa m'dzina la mwini akauntiyo, ndipo iyeyo ndiye adzayankhe. Ngati ntchito ikuyenera kupitirira, woyang'anira seva apereke chilolezo cha masiku owerengeka ku akaunti ya wotsalayo.

Pasiwedi ikhale yaitali, makamaka ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, osati dzina la mwana, chaka chobadwa kapena nambala ya foni. Palinso akaunti yaikulu yotchedwa Administrator, yomwe imatsekula chilichonse. Imeneyi isagwiritsidwe ntchito polemba makalata kapena poyenda pa intaneti. Woyang'anira seva akhale ndi akaunti wamba ya ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo pasiwedi ya akaunti yaikuluyo isungidwenso mu envulopu yomata m'sefa ya ofesi, kuti iye akadwala kapena kuchoka ntchito isaime.

Chilolezo chilingane ndi ntchito

Lamulo lachiwiri ndi lakuti munthu apatsidwe mphamvu yokwanira ntchito yake yokha. Zilolezo zodziwika kwambiri ndi zitatu: kuwerenga kokha, kuwerenga ndi kusintha, komanso ulamuliro wonse, womwe umalola munthu kupereka kapena kulanda zilolezo za ena.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a soya ndi nyemba kufupi ndi Jenda. Ili ndi manijala, wowerengera ndalama, kalaliki wa nkhokwe, mlembi ndi alangizi awiri. Pa seva pali mafoda anayi: Ndalama, Nkhokwe, Mamembala ndi Zaonse. Wowerengera ndalama atha kusintha za mu Ndalama, koma mu Nkhokwe amangowerenga. Kalaliki atha kusintha za mu Nkhokwe, koma mu Ndalama salowamo. Motero matumba olembedwa ndi wina ndi ndalama zolembedwa ndi wina ziyenera kugwirizana, ndipo palibe angakonze mbali zonse ziwiri kuti abise chinyengo. Alangizi amawerenga mndandanda wa mamembala, koma wowonjezera kapena kuchotsa dzina ndi mlembi yekha, komiti itavomereza. Manijala amawerenga paliponse. Ukulu wake sukutanthauza kuti azitha kusintha ziwerengero za wina.

Zilolezo zipite kwa magulu osati kwa munthu payekhapayekha. Pakhale gulu la Zandalama, la Nkhokwe ndi la Alangizi, ndipo foda iliyonse imangidwe pa gulu. Wogwira ntchito akasintha udindo, amangochotsedwa m'gulu lina n'kuikidwa m'lina. Popanda magulu, munthu amaunjika makiyi chaka ndi chaka, mpaka amene anayamba ngati mlembi amapezeka akutsekula foda iliyonse. Woyang'anira seva ya Windows akumbukire kuti foda yogawana ili ndi zipata ziwiri, chilolezo cha kugawana ndi chilolezo cha NTFS, ndipo zikasiyana chomwe chimagwira ntchito ndi chokhwimitsitsa.

Kuchepetsa zilolezo kumatetezanso ku mavairasi omwe amatseka mafayilo n'kufuna dipo. Vairasi yotere ikalowera pa akaunti ya kalaliki, imayamba kuwononga mafoda omwe kalalikiyo amatha kusintha. Akakhala kuti amasintha paliponse, ofesi yonse yagwa. Mu February 2024 boma linalengeza kuti makompyuta opangira mapasipoti alowedwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kwa milungu ingapo mapasipoti sankatuluka. Kuno ku Mzimba, komwe mabanja ambiri ali ndi abale ku Joni, tikudziwa tanthauzo la kuchedwa kotere.

Munthu akachoka

M'maofesi anthu amasamutsidwa, ena amapuma, ophunzira ntchito amabwerera kusukulu, ena amanyamuka ulendo wa ku South Africa. Tsiku lomwe munthu akubweza makiyi a zitseko, akaunti yake itsekedwenso. Ndi bwino kuitseka osati kuifufuta, kuti mbiri ya zomwe inachita isasowe. Miyezi itatu iliyonse, mkulu wa ofesi ndi woyang'anira seva akhale pansi ndi mndandanda wa maakaunti, aufananize ndi mndandanda wa ogwira ntchito. Dzina lililonse losadziwika mwini wake litsekedwe tsiku lomwelo.

Kusunga kwina

Pa Windows, fayilo yofufutidwa m'foda yogawana kuchokera pa kompyuta ina kawirikawiri sipita mu Recycle Bin, imangosoweratu. Madzi akatayika saoleka. Choncho zonse za pa seva zikopedwe pafupipafupi pa hadi disiki yapadera yomwe imazulidwa ikatha ntchito, ndipo kope lina lisungidwe kunja kwa nyumbayo poopa moto ndi akuba. Nthawi ndi nthawi muyese kubweza fayilo imodzi kuti mutsimikize kuti makopewo akugwira ntchito. Seva ikhale m'chipinda chokhoma, ndipo ilumikizidwe ku UPS kuti magetsi akathima mwadzidzidzi izimitsidwe bwino.

Gawo lanu

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa kapena kusintha zinthu m'kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limalamula aliyense wosunga mbiri ya anthu kuti aiteteze, ndipo bungwe la MACRA ndilo limayang'anira. Lamulo la Access to Information limakupatsani ufulu wofunsa za ntchito za boma, koma silipatsa wogwira ntchito ufulu wotumiza pa WhatsApp mndandanda wa odwala kapena manambala a ziphaso za anthu.

Inu a m'ma VDC, ma ADC, makomiti a sukulu ndi a zipatala simufunika maphunziro a kompyuta kuti muchite mbali yanu. Pa msonkhano wotsatira funsani mafunso awa: Kodi aliyense pa ofesi pano ali ndi akaunti yakeyake? Ndani angathe kuwonjezera kapena kuchotsa dzina pa mndandanda wathu, ndipo amavomereza ndani? Maakaunti a omwe anachoka anatsekedwa liti? Kope lomaliza linatengedwa liti, ndipo lili kuti? Mayankho ake alembedwe m'maminitsi, ndipo pakatha miyezi itatu mafunso omwewa afunsidwenso.