PHUNZIRO: TIYI WA ZITSAMBA M'DZIKO LA TURKEY

Anthu a m'dziko la Turkey amamwa tiyi koposa mitundu yonse ya pa dziko lapansi, pakuti munthu mmodzi amatha masamba okwana makilogalamu 3 pa caka. Tiyi wakudayo amalimidwa ku Rize, m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea, kumene fakitale yoyamba inatsegulidwa m'caka ca 1947. Ameneyo ndiye tiyi wa alendo ndi wa maceza. Koma munthu akayamba kutsokomola, kapena m'mimba mukamupota, pa moto amaterekapo zitsamba, ndipo mwambo umenewo ngwakalekale. Dioscorides, sing'anga amene analongosola zomera zocizira ngati 600 m'zaka 100 zoyamba Ambuye atabadwa, anali mbadwa ya ku Anazarbus, pafupi ndi mzinda wa Adana.

Wogulitsa zitsamba amachedwa aktar. M'sitoro mwace muli matumba a masamba, maluwa, mizu ndi njere zouma, ndipo mu msika wa Mısır Çarşısı ku Istanbul malonda otere akhala akucitika kuyambira zaka za m'ma 1660. Nyengo yozizira ikafika anthu amafuna ıhlamur, ndiwo maluwa a mtengo wina amene amawaphika pofuna kucepetsa cimfine. Adaçayı ngwa zilonda za kukhosi, rezene ngwa mpweya wa m'mimba, ndipo wa nseru amamupatsa timasamba ta nane pamodzi ndi ndimu. Wolangiza kawirikawiri ndi mai, mnansi kapena aktar yemweyo. Masiku ano waonjezekapo wolankhula pa wailesi ya kanema ndi pa intaneti.

Kapu imodzi kapena ziwiri za tiyi wotere sizipweteka munthu wamphamvu. Bvuto lagona pa odwala nthenda zokhalitsa, monga shuga, mtima ndi khansa. Ambiri a iwo samayesa zitsamba ngati mankhwala, poti amati nzacilengedwe. Tsono dokotala akawafunsa zimene akumwa, iwo amachula mapilitsi okha. Thupi silidziwa kusiyanitsa kotero: ca m'kapu ndi ca m'botolo la ku cipatala zimakomana m'ciwindi cimodzi.

Citsanzo coposa zonse ndi sarı kantaron, citsamba ca maluwa acikasu cimene ku Ulaya amacichula dzina la Yohane Woyera Mbatizi, cifukwa cimaphuka pafupi ndi tsiku lace la pa 24 Juni. Anthu a ku Turkey amadzola mafuta ace pa zilonda, ndiponso amamwa tiyi wace pofuna kukhazika mtima pansi. Komatu cikamwedwa masiku ambiri cimafulumizitsa ciwindi kucotsa mankhwala ena m'magazi asanathe nchito yao. Womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akhoza kuona magazi ace akuundana ngakhale sanaphonye pilitsi. Amene anamuika impso ya munthu wina, namamwa ciclosporin, thupi lace likhoza kukana impsoyo. Mankhwala ena a ma ARV amacepa mphamvu cimodzimodzi. Coopsya ncakuti wodwalayo samva kanthu kalikonse kufikira zinthu zitaipa.

Kum'mwera cakum'mawa, m'mizinda ya Gaziantep ndi Şanlıurfa, amakonda cakumwa ca mizu yotsekemera ya meyan, makamaka pomasula kusala m'mwezi wa Ramadan. Cimathetsa ludzu ndithu, koma cikamwedwa cambiri tsiku ndi tsiku cimasunga mcere ndi madzi m'thupi, nicikweza kuthamanga kwa magazi. Nakonso ku mapiri a ku Black Sea kuli uci wochedwa deli bal, ndiko kunena "uci wamisala", umene njuci zimapanga ndi maluwa a rhododendron. Ena amaudya ngati mankhwala a m'mimba, koma wopyola muyeso amacita cizungulire, mtima nugunda pang'onopang'ono. Xenophon analemba kuti asilikali a Cigiriki anagwa nao uciwo pafupi ndi mzinda wa Trabzon zaka ngati 400 Ambuye asanabadwe.

Palinso cinyengo ca amalonda. M'zakumwa zina zoondetsa, zolembedwa kuti nza zitsamba zokhazokha, mwapezeka sibutramine, mankhwala amene maiko ambiri analetsa m'caka ca 2010 cifukwa coononga mtima.

Boma la Turkey silinaletse mwambo wa zitsamba. M'caka ca 2014 Unduna wa Zaumoyo unaika malamulo olola kuciza ndi zomera, koma nchitoyo inaperekedwa kwa madokotala amene aphunzira za zimenezi nalandira calata, ndi m'zipatala zobvomerezeka. Lamulolo nlanzeru, ngakhale silifika pa khomo liri lonse. Pakuti tiyi wa zitsamba ndi zoonjezera cakudya zimayang'aniridwa ndi Unduna wa Zaulimi monga cakudya, ndipo munthu amagula kwa aktar popanda kalata ya dokotala.