Malangizo kwa Ofufuza: Kusankha ndi Kusamala Antibody Yopezera Puloteni ya I-FABP

I-FABP ndi puloteni yaing'ono, ya 15 kDa, yomwe imakhala m'maselo okhwima a kunsonga kwa tizala ta m'kati mwa matumbo aang'ono. Ntchito yake ndi kunyamula mafuta m'kati mwa selo. Selo likawonongeka, puloteniyi imatayikira m'magazi, kenako impso zimaitulutsira mumkodzo. N'chifukwa chake ofufuza amaiyeza mwa makanda obadwa masiku asanakwane omwe matumbo awo ayamba kuola, mwa odwala omwe magazi sakufika bwino m'matumbo, mwa anthu omwe ali ndi HIV, ndiponso mwa ana opinimbira, monga anachitira m'kafukufuku wa SHINE ku Zimbabwe. Koma maso a wofufuza ndi antibody yake. Ikagwira puloteni yolakwika, magazi omwe makolo analola kuti ana awo atengedwe apita pachabe.

1. Onetsetsani dzina. Pogula, funani FABP2, lomwe ndi dzina la jini yake. Puloteniyi ili ndi abale ofanana nayo: FABP1 ya m'chiwindi, FABP3 ya mumtima, ndi FABP6 ya kumapeto kwa matumbo aang'ono. Wovuta ndi FABP1, chifukwa nayonso imapezeka m'matumbo momwemo. Ngati pepala la kampani silikunena kuti anayesa antibody yawo pa abalewa, afunseni musanalipire.

2. Gulani yogwirizana ndi ntchito yanu. Yopangidwira puloteni ya khoswe siingadaliridwe pa magazi a munthu. Yoyenda bwino pa Western blot, pomwe puloteni imakhala itatambasulidwa, ikhoza kulephera pa ELISA, pomwe imakhala yopindika mwachibadwa chake.

3. Sankhani pakati pa monoclonal ndi polyclonal. Monoclonal, yomwe njira yake anaitulukira Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975, imagwira malo amodzi okha pa puloteni, ndipo sisinthasintha. Polyclonal, yomwe kawirikawiri imachokera m'magazi a kalulu, imagwira malo angapo koma imasiyana gulu ndi gulu. Kafukufuku akakhala wa zaka, gulirani limodzi zokwanira za nambala ya gulu imodzi.

4. Iyeseni nokha musanatsegule masampulo a anthu. Apa m'pamene ambiri amathamangira, poti mankhwalawa ndi odula ndipo amatenga nthawi kufika, komatu palibe sitepe yoposa iyi. Pa Western blot, kachidutswa ka matumbo aang'ono kayenera kuonetsa mzere umodzi wooneka bwino pafupi ndi 15 kDa. Pambali pake ikani kachidutswa ka chiwindi: mzere ukatulukanso pamenepo mwamphamvu, kaikirani kuti yagwira FABP1. Pa kagalasi ka maikulosikopu, utoto ukhale wochuluka kunsonga kwa tizala tija, n'kumazilala potsikira kutsinde. Utoto wofalikira ponseponse mofanana si chizindikiro chabwino. Konzaninso kagalasi kena kopanda antibody yoyamba. Kameneko kakagwira utoto, vuto lili pa antibody yachiwiri kapena pa katsukidwe kanu.

5. Sungani monga pepala lanenera. Antibody zambiri zimafuna -20°C, pomwe bokosi la ELISA limakhala mufiriji pa 2 mpaka 8°C. Gawirani antibody m'timachubu ting'onoting'ono kuti musamasungunule botolo lonse nthawi iliyonse. Magetsi akathima musatsegule chitseko, ndipo lembani kutentha m'buku m'mawa ndi madzulo.

6. Lembani ola lomwe magazi atengedwa, chifukwa I-FABP sikhalitsa m'magazi ndipo imangosonyeza kuvulala kwa posachedwa. Patulani madzi a m'magazi msanga, muwasunge pa -80°C. Impso zikafooka, puloteniyi imaunjikana ngakhale matumbo ali bwino, choncho yezaninso creatinine. Poyeza mkodzo, creatinine yemweyo ndiye amathandiza kufananiza mkodzo wosungunuka ndi wokhathamira.

7. Musasakanize manambala a makampani awiri. Sampulo imodzimodzi ikhoza kupereka zotsatira zosiyana kwambiri. Mu lipoti lembani kampani, nambala ya katundu, nambala ya gulu ndi mlingo womwe munasungunulira. Bokosi lolembedwa kuti ndi la kafukufuku yekha lisagwiritsidwe ntchito pogamula chithandizo cha wodwala. Dokotala wa khanda lotupa mimba asadikire zotsatira zanu.