Phokoso ndi uchidakwa pa Boma: lamulo lili kumbali yanu

Nyimbo za m'bala zikamasokosa mpaka mbandakucha ku Chitakale, kapena anyamata oledzera akamatukwana amayi opita kumsika, musangoti ndi mmene zimakhalira. Malamulo a milandu amaletsa khalidwe losokoneza mtendere. Kadandauleni kwa amfumu, ku komiti ya chitetezo cha m'mudzi, kapena kupolisi ya Mulanje; kudandaula kupolisi n'kwaulere. Ziphaso zogulitsira mowa zimachokera kukhonsolo, choncho nakonso kawauzeni.

Koma chonde, wolakwayo musamumenye. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kuno ku Mulanje, ndipo ambiri anakagona m'chitokosi chifukwa cholanga okha anzawo. Naye womangidwa ali ndi ufulu: gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi salipira.