Madzi Osefukira ku Chia

Funso: Wowerenga wa ku Chia akufunsa chifukwa chake madzi amasefukira ngakhale kwawoko mvula isanagwe, ndiponso mmene mabanja angadzitetezere.

Yankho: Dziwe la Chia, lomwe limalumikizana ndi nyanja ya Malawi pafupi ndi mlatho wa msewu wa M5, limalandira madzi a mitsinje yochokera kumapiri a Ntchisi, kotero mvula yamphamvu ikagwa kumtundako, madziwo amatsika mwadzidzidzi n'kumiza minda ndi nyumba za m'zigwa. Mabanja asamukire kumtunda mtsinje ukangoyamba kuda ndi matope, ndipo munthu asawoloke madzi othamanga ngakhale atalekeza m'mawondo. Asodzi nawonso asalowe panyanja Mpoto, mphepo yochokera kumpoto ya m'nyengo yadzinja, ikamawomba, ndipo azimvera machenjezo a nthambi yoona zanyengo pawailesi.