Malangizo: Kugula Zovala Chisanu Chikatha ku Joni

Omvera athu okhala ku South Africa, Seputembala akafika masitolo monga Woolworths, Ackermans ndi PEP amadzaza ndi zovala zopepuka, ndipo mabulangete ndi majuzi otsala amatsika mtengo. Yambani mwagula zotsalazo, chifukwa chisanu chidzabweranso mu Juni, pomwe bulangete longa lomwelo lidzakhala litakwera mtengo. Wina anganene kuti ana akufunika zovala za nyengo yotentha lero lomwe. N'zoona, koma malaya awiri a thonje akukwana poyambira. Tembenuzani kolala muwerenge kalebulo, poti poliyesitala amatentha ndipo samwa thukuta. Ndalama zikachepa, sungitsani katundu m'sitolo n'kumalipira pang'onopang'ono pa lay-by, pomwe palibe chiwongoladzanja, m'malo motsegula akaunti ya ngongole. Chonde, lisiti musataye.