Hard disk ikayamba kukanika kuwerenga: pulumutsani mafayilo ndi ddrescue

Hard disk ikamafa nthawi zambiri imachenjeza. Foda imatenga nthawi kuti itseguke, fayilo imene imatseguka dzulo lero ikukana, kapena mukamakopera zithunzi kompyuta imaima panjira n'kunena kuti yalephera kuwerenga. M'kati mwa disikiyo muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerengera kamayandama pamwamba pake osakhudza. Pena pakawonongeka, kamutuko kamangobwereza pomwepo, ndipo kubwereza kulikonse kumaifooketsa disikiyo.

Ndiye chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kukopera zonse n'kuziika pa disiki ina. Zokonza zibwere pambuyo. Musathamangire pulogalamu ya chkdsk ya pa Windows, chifukwa ikamakonza imalemba pa disiki yodwalayo ndipo ingathe kufafaniza zimene zikanapulumuka.

Chida choyenera ndi ddrescue, pulogalamu yaulere ya GNU imene Antonio Diaz Diaz anaitulutsa mu 2004. Imagwira ntchito pa Linux, ndipo ilimo kale mu SystemRescue, imene mungaiike pa fulashi n'kuyatsira kompyuta. Kachitidwe kake n'kofanana ndi ka munthu amene nyumba ikumupsera: amayamba watulutsa katundu wa pafupi ndi khomo. Imakopera malo abwino onse, kudumpha oipa, kenako n'kubwerera pa oipawo pang'onopang'ono. Ikamayenda imalemba mapu osonyeza pamene yatha ndi pamene patsala. Mapuwa ndi amtengo wapatali kwa ife amene magetsi amatithimira: akayakanso, ntchito imapitirira pamene inalekera. Koma asungeni pa fulashi ina, pakuti zosungidwa mu SystemRescue momwemo zimatha kompyuta ikazima.

Mufunika disiki yabwino yofanana kukula ndi yodwalayo kapena yoposerapo, yopanda kanthu kofunika, chifukwa zonse za pamenepo zifufutika. Mukayatsa kompyuta ndi SystemRescue, lembani lsblk kuti muone mayina a madisiki. Apa khazikani mtima pansi, yang'anani kawiri: mukasinthanitsa mayinawo, muphimba mafayilo anu ndi disiki yopanda kanthu, ndipo sadzabwereranso. Ngati yodwala ndi sda, yabwino ndi sdb, ndipo mwalowa mu foda ya pa fulashi yosungira mapu ija, lembani:

ddrescue -f -n /dev/sda /dev/sdb mapu.txt

Ikamaliza, bwerezani mzere womwewo ndi mapu omwewo, koma pa -n muike -r3, kuti iyesenso katatu pa malo oipa. Ntchitoyi imatha kutenga maola ambiri, pena masiku. Kenako sungani disiki yodwalayo pambali, mafayilo muzifufuza pa yatsopanoyo. Akapanda kuoneka, mapulogalamu a Christophe Grenier otchedwa TestDisk ndi PhotoRec amathandiza kuwapeza.

Disiki ikamalira kuti kha! kha! kha! kapena ikaleka kuzungulira, ddrescue siingathandize. Zimitsani msanga. Musaiike mufiriji, chinyezi chimaipha, ndipo musaitsegule, chifukwa kafumbi kamodzi kamakanda mbale. Pitani nayo kwa akatswiri amene ali ndi chipinda chopanda fumbi chotseguliramo madisiki.